Mbewu Yofiira m'Lata ya Nkhuku

A Falesi a ku Mualadzi anali ndi chinsinsi, ndipo anachisunga miyezi isanu ndi umodzi popanda munthu kuchitulukira. Maso awo anali atachita ng'ala. Zinayamba chakumapeto kwa dzinja ngati kautsi m'diso lamanzere, lamanja nalo n'kutengera, ndipo pofika nyengo ya dzuwa loswa mtengo ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima basi. Munthu akaima patsogolo pawo ankaona chinthu choimirira, koma kuti ndi mkulu wa mpingo kapena chitsa, ankadikira kuti chinthucho chilankhule.

Komatu pa nkhani ya kuchenjera, mayi amenewa simukanawatha. Mlendo akaodira, iwo ankaweramira pa lichero ngati otanganidwa mpaka mwini wake apereke moni, kenako n'kumutchula dzina ngati anamuonera patali. Kutchalitchi ankatseka buku la nyimbo n'kumati mabuku ndi a anthu oiwala. Pakhomo pawo chinthu chilichonse chinali ndi malo ake. Mpeni unkasomekedwa ku tsindwi pamwamba pa chitseko, machesi ankakhala m'chikho chong'aluka, mchere kudzanja lamanja la mafuwa. Kuchoka pakhonde kukafika ku nkhokwe anali mapazi asanu ndi atatu, ku khola la nkhuku khumi ndi anayi.

Chimene chinkawabisitsa n'zimene zinaonekera a Feliciana, mnzawo wa kutsidya kwa dambo. A Feliciana nawo anayamba kupapasa zaka zitatu zapitazo. Mwana wawo anabwera ndi galimoto nati akukangowaonetsa kuchipatala ku Tete, abwerako sabata yamawa. Sabata yamawayo mpaka lero sinakwane. Nyumba inagwa ndi mvula yachiwiri, munda achibale anagawana, ndipo amene anakawaona anadzanena kuti akukhala bwino, akudya mpunga, koma amangokhala pampando mkati mwa mpanda wa njerwa n'kumafunsa aliyense ngati mtengo wawo wa mango unabereka. A Falesi mpunga sankaufuna. Ankafuna kudzafera pakhomo pamene anakwirira michombo ya ana awo, pafupi ndi manda a amuna awo a Silasi. Ndiye mwana wawo yekhayo amene anatsala, Abigaeli, wophikira zakudya oyendetsa magalimoto akuluakulu kumalire ku Cassacatiza, anali atanena kale mosapsatira mawu: "Tsiku limene mudzalephere kudzisamala nokha, amayi, ndidzakutengani. Sitidzachitanso kukambirana."

Pakhomopo panali mathadzi asanu ndi tambala mmodzi, ndipo a Falesi ankazidziwa mawu monga mmene mayi amadziwira kulira kwa ana ake. Panali kameta wa khosi lopanda nthenga, wolongolola ndiponso wadyera. Panali lina lofatsa limene linkafika mochedwa nthawi zonse, n'kumatola zotsala. Tambala anali wa mawu osasa, waulesi, wodziwa kuitanira mathadzi chakudya chimene sanachipeze yekha. Kenako panali kamwanapiye kamodzi kokha. Make anafungatira mazira asanu ndi anayi, asanu ndi atatu n'kuvunda ndi kutentha, ndipo patangopita masiku anayi chiswere kamodzi kameneka, likongwe analowa m'khola n'kumugwira makeyo. Kuyambira pamenepo kamwanapiye kanasanduka ka a Falesi. Kankagona m'dengu pafupi ndi mphasa yawo, pa nsanza, ndipo masana kankawatsata kumapazi n'kumalira kuti piyo piyo, moti mayiwo anaphunzira kuyenda mokhwekhwereza kuopa kukaponda.

Kadyetsedwe kake kanali ndi nzeru zake. Nkhuku zazikulu zilibe chisoni ndi mwana wa mnzawo, zimamujompha pamutu ngakhale chakudya chili mbwee. Choncho m'mawa uliwonse a Falesi ankatenga lata, chitini chakale cha mafuta ophikira chimene ankasungiramo chimanga chofumbwa cha nkhuku, n'kutapa kawiri, n'kuwaza kutali chakunkhokwe. Zazikulu zikathamangira kumeneko, iwo ankanjuta pakhonde, kuphwanya njere zingapo pa mwala ndi kamwala kena, kudonthezapo madzi, n'kuika misereyo pachikhatho. Kamwanapiye kankakwera pa chala chachikulu n'kumajompha, iwo atakaphimba ndi nsonga ya kapulana, chitenje chimene ankavala, kuti kameta asaone. Kuti kakhuta ankadziwira pokhudza chithokomiro chake, chikalimba ngati nsawawa. Nthawi imeneyi ndiyo ankaiwala kuti saona, chifukwa ntchito yonse inali ya zala.

Abigaeli anafika Lachisanu madzulo pa njinga yamoto, ali fumbi lokhalokha, atanyamula shuga, sopo ndi thumba la mbewu ya chimanga yogula kumalire. A Falesi anamulandira ndi chimwemwe chenicheni, pakuti ankamukonda mwana wawo, koma pansi pa chimwemwecho mtima unali m'mwamba. Mtsikana ameneyu chibadwire sanadziwe kukhala pansi. Kutacha Loweruka anamanga kapulana m'chiuno nayamba kukonza m'nyumba mwa amake.

Abale inu, pali anthu ena amene akakukonzera m'nyumba umasanduka mlendo m'nyumba mwako momwe. Mpeni unachoka ku tsindwi chifukwa akuti ungagwere munthu. Chikho chong'aluka chinatayidwa kudzala. Mchere unasamukira m'botolo, botolo linakwera pa thandala, thandalalo linasunthidwa kupita pamene mphepo siwomba. A Falesi anangokhala pakhonde n'kumamvetsera nyumba yawo ikuwathawa chinthu chimodzichimodzi, osatha kunena kanthu, chifukwa munthu woona sadandaula kuti mpeni wachoka apa wapita apo. Anangoti, "Usadzitopetse, mwanawe, wabwera kudzapuma."

"Ndipuma ndikamaliza, amayi. M'nyumba muno muli ngati simukhala munthu."

Lamulungu atabwerako kutchalitchi, dzuwa litapendeka, Abigaeli anakhala pafupi ndi amake natulutsa telefoni. Anati awaonetse mdzukulu wawo Milton, amene chaka chimenecho anayamba sukulu. A Falesi analandira kanthu kosalala kaja, nakayandikiza kumaso monga amachitira anthu, namwetulira.

"Ee, wakula! Mphumi iyi ndi ya bambo ake yeniyeni."

Abigaeli anatenga telefoniyo pang'onopang'ono m'manja mwa amake. A Falesi sanadziwe chimene analakwitsa, kaya anaigwira chadodolido kaya chithunzicho chinali cha chinthu china, koma anamva kuti maso a mwana wawo ali pa iwo.

"Amayi, maso anu ali bwino?"

"Maso anga atani? Ndi utsi wa nkhuni zaziwisi. Iwe ukufuna kundipezera matenda kuti undinyamule ngati thumba."

Nkhani inathera pomwepo, koma aliyense anagona nayo.

Lolemba m'mawa Abigaeli anati akatunge madzi ku bomba, mjigo wa pafupi ndi sukulu. Nkhuku zinali zitatsika kale m'khola n'kusonkhana pakhonde, kameta akulongolola, kamwanapiye kakulira m'dengu. A Falesi analowa m'nyumba napapasa kuseri kwa chitseko, ndipo mwamwayi lata anaipeza pamalo ake. Anayamika mumtima kuti chinthu chimodzi chapulumuka. Koma poinyamula anamva kuti yalemera kuposa mmene anaisiyira. Atafika pakhonde anatsegula, napisamo dzanja, ndipo zala zinawauza zachilendo. Chimanga cha nkhuku chimakhala chobookabooka, chopepuka, chafumbi la anankafumbwe. Ichi chinali chathunthu, njere zophwatalala, zonse zofanana kukula ngati wina anachita kusankha imodziimodzi. Pa zala pankatsala kaufa kosalala, ndipo panali kafungo kena kosakhala ka m'nkhokwe.

Abigaeli anali asanachoke. Anaima pa chipata akupinda nkhata, chigwiriro cha ndowa chikulira. Mawu anayi okha akanakwana: muli chiyani mu lata? A Falesi anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Munthu wa maso ake safunsa chimene chili m'dzanja mwake dzuwa likuwala. Funso limenelo, pamwamba pa za telefoni dzulo, likanakhala chimodzimodzi kukwera okha galimoto. Ndiye anayamba kudzinamiza, ndipo munthu akafuna kudzinamiza zifukwa sizisowa. Anati anthu a kumalire ndi owononga, mwina mwanayu wathira chimanga chabwino poona kuti chofumbwa chatha. Anati fungolo ndi la sopo amene anatsukira lata. Mtima unkawauza kuti dikirani, koma mantha anakula kuposa mtimawo.

"Ndapita, amayi."

"Pita, usachedwe, dzuwa likwera."

Ndowa inalira mpaka kumsewu, kenako zii. A Falesi anatapa kawiri nawaza chakunkhokwe, ndipo nkhuku zinathamangira kumeneko. Ananjuta, naphwanya njere pa mwala, nadonthezapo madzi, natulutsa kamwanapiye m'dengu. Kanakwera pa chala chawo n'kuyamba kujompha ndi njala ya m'mawa, timapazi take tikukanda pachikhatho. Kanadya mpaka chithokomiro chinalimba, ndipo a Falesi anakaphwanyiranso pang'ono poona kuti kakufunabe.

Chimene chinabweza Abigaeli msanga n'chakuti pa bomba panali mzere wautali, ndiye anasiya ndowa kuti imugwirire malo. A Falesi anangomva mapazi akuima pa chipata, kenako mfuu.

"Mayo ine! Amayi, mwatani? Shii! Shii!"

Pabwalo panachita chipwirikiti. Nkhuku zinauluka uku ndi uku, tambala akukuwa, Abigaeli akuthamanga ndi tsache n'kumasesa pansi ngati wopenga.

"Iyi ndi mbewu, amayi! Ya mankhwala! Thumba linang'ambika pa njinga, ndiye dzulo usiku ndinathira mu lata chifukwa ili ndi chivindikiro, makoswe asadye. Chofumbwa chija ndinakhuthulira m'dengu la panja. Simunaone kuti ndi yofiira? Bwalo lonse lafiira ngati pophera mbuzi!"

Taonani kuuma mutu kwa munthu. Ngakhale apa a Falesi anayesabe. "Ndinali ndi tulo m'maso. Ndinangotapa osayang'ana."

Tsache linasiya kulira. Abigaeli anabwera nagwada patsogolo pawo, nawagwira mikono yonse iwiri, naitembenuza. Manjawo anali ofiira mpaka m'zikhadabo, ndipo patsaya panali mzere wofiira pamene anadzipukuta thukuta. Mwala wophwanyira unali wofiira, misere yotsala inali yofiira. Abigaeli anaona zonsezi. Anatenga sopo ndi madzi a mumtsuko, nasambitsa manja a amake chala chimodzichimodzi, napukuta tsaya lija. A Falesi anakhala ngati mwana, akumva manyazi amene sanawamvepo chikhalire, ndipo akanakonda mwana wawo akanawakalipira.

"Makala," anatero a Falesi ndi mawu otsika. "Sinja makala, usungunule m'madzi. Tizimwetse."

Ntchito imeneyo inawatengera m'mawa wonse. Abigaeli ankathamangitsa nkhuku n'kubweretsa imodziimodzi, amake n'kuipanira pakati pa maondo ndi kuikanula mlomo, iye n'kuthira madzi akudawo ndi supuni. Kameta anawakanda onse awiri. Tambala anangodzipereka ngati akukazingidwa. Anagwirizana kuti mazira a masiku akubwerawo akwiriridwe, asadyedwe. Nkhuku zazikuluzo zinali zitangomeza njere zowerengeka zathunthu, ndipo pofika masana zinali zikupalasa pansi pa nkhokwe ngati palibe chachitika.

Kamwanapiye ndiko kanadya kwambiri, zophwanyaphwanya ndiponso zonyowa. Kukamwetsa kunavuta. Mlomo wake unali waung'ono ngati njere ya mpunga, ndipo zala za a Falesi zimene zinkadziwa zonse zinalephera kuupeza. Anachita kugawana ntchito, mayi kugwira thupi, mwana kudontheza ndi kaudzu. Madontho awiri analowa, ena n'kutsikira pakhosi.

Chakumasana kanayamba kufooka. Sikanatsatenso mapazi. A Falesi anakaika pachikhatho nakhala nako pamthunzi wa khonde, ndipo anamva timapiko tikugwa, mutu ukuwerama n'kudzukanso. Abigaeli anapita kukatenga ndowa ija ku bomba, anaphika, anawaitana kuti adye, iwo anati sakumva njala. Anabwera n'kukhala pambali pawo, phewa lake likukhudza lawo.

A Falesi anaganiza zambiri masana amenewo. Akanatha kuloza chala mwana wawo, ndipo mlandu ukanaoneka woona, pakuti ndani amathira mankhwala m'chiwiya cha chakudya osanena? Koma Abigaeli anathira mbewuyo m'nyumba ya mayi wopenya, chifukwa ndi mayi amene iye anauzidwa kuti ali naye. Anthu opanga mbewu anaipaka utoto kuti ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga aope. Aliyense anachita mbali yake. Amene anamva ndi zala zake kuti pali cholakwika, nakhala ndi mpata wofunsa, nasankha kutseka pakamwa, anali mmodzi yekha. Miyezi yonseyi ankadziuza kuti chinsinsi chawo sichipweteka munthu, n'chawo chokha ngati chilonda cha pansi pa nsalu. Tsopano anadzifunsa kuti chikanakhala chiyani akanakhala Milton atabwera kutchuthi n'kupempha agogo ake chimanga chokazinga.

Anaganizanso za a Feliciana pampando wawo uja, ndipo mantha aja anali pomwepo, sanachepe ngakhale pang'ono. Anamvetsera pakhomo pawo. Njiwa zinkalira mu mtengo wa masuku, wina ankakhoma khasu kutsidya kwa dambo pokonzekera mvula, nsungwi za nkhokwe zinkathetheka ndi dzuwa. Zonsezi ankazikonda, ndipo sankafuna kuzisiya.

Dzuwa litayamba kupendeka, kamtima kamene kankagunda pa chala chawo kanachita ngati kakuthamanga, kenako kanadumphadumpha, n'kuleka. A Falesi anadziwa Abigaeli asanaone. Anakhala nako chomwecho mpaka timiyendo tinayamba kuuma, akukasisita pamsana ndi chala chachikulu.

"Abigaeli."

"Amayi."

"Kanali ka mtundu wanji?"

Abigaeli anakayang'ana m'manja mwa amake. "Kachikasu, amayi. Kali ndi mizere iwiri yakuda pamsana, ndi kadontho kakuda pamutu."

"Ine ndinkati n'koyera. Masabata atatu ndakhala ndikulera koyera." Kenako ananena zonse bwinobwino ngati munthu wopereka umboni. "Sindiona, mwanawe. Chiyambire nthawi ya zokolola. Nkhope yako sindinaione chibwerere, ndi Milton yemwe sindinamuone. Ndipo m'mawa muja ndinamva kuti si chimanga cha nkhuku. Unali pa chipata, ndinakusiya upite."

Abigaeli analira, kulira kwenikweni kwa mwana, nkhope ataibisa paphewa la amake. Anati akanafunsa bwino, anati akanabwera kale, anati ng'ala amachotsa kuchipatala ku Tete ndipo mayi wina wogulitsa nthochi kumalire anakachotsedwa n'kubwerako akulowetsa yekha ulusi pa singano. Anati sadzawatsekera mumpanda, adzawabweretsa mvula isanakhazikike kuti adzadzale okha mbewu ija. A Falesi anamvetsera zonse. Sanadziwe ngati zidzatero, pakuti mwana wa a Feliciana nayenso polonjeza sankanama, ankakhulupirira zimene ankanena. Koma sanamutsutse.

Anapereka kamwanapiye m'manja mwa mwana wawo nati akakakwirire kuseri kwa khola, mozama ndithu, kuti galu wa eni asakafukule n'kudwala. Abigaeli anatenga khasu napita. Mathadzi anali atayamba kusonkhana pakhonde kudikira chamadzulo, kameta patsogolo monga mwa masiku onse. A Falesi anaimirira, nafika pakati pa bwalo, naima. Dengu la chimanga chofumbwa linali penapake panja pomwepo, koma sanadziwe kuti lili mbali iti, ndipo kwa nthawi yoyamba sanayerekeze kuti akudziwa.

"Abigaeli! Ukamaliza ubwere undigwire dzanja, undionetse pamene waika chakudya cha nkhuku. Ndiye undiuze kuti shapa, minibasi ya ku Tete ija, imadutsa tsiku lanji, ndikapemphe a Nikodemo oyandikana nawowa azindidyetsera nkhukuzi."

Khasu linasiya kulira kuseri kwa khola. "Lachinayi, amayi."

"Lachinayi," anabwereza a Falesi. Anaima pomwepo dzanja atalitambasula, nkhuku zikuwazungulira kumapazi, kudikira kuti mwana wawo abwere.